Chitseko cha Ponnamma

Ponnamma anazima pa siteji ya basi ya ku Kokuvil, dzuwa lili paliwombo, anthu onse akuonerera.

Ponnamma sanali munthu ayi. Inali galimoto, Morris Minor yobiriwira, yakale kuposa amayi ake a Vathsala. Bambo a Vathsala ankanyamuliramo akwati m'Jaffna monse, ndipo pomwalira anamusiyira mtsikanayu galimotoyo, masipanala, ndi mwano wa anthu a mumsewu.

"Achemwali, agogo anuwa atopa! Kawagonekeni!" anakuwa kondakitala wina.

Vathsala anangoyesanso kuliza injini. Vuto ankalidziwa, inali batire. Chimene chinkasowa ndi munthu woti aikankhe.

Pa anthu onse amene anali pamthunzi, mmodzi yekha ndi amene anatuluka. Anali mnyamata wamtali, wovala malaya oyera ositidwa bwino.

"Ndikankhe?"

"Malaya anuwo ada."

"Malaya amachapidwa. Koma kusiya mkazi wokongola chonchi padzuwa, mlandu wakewo sindingauthe."

Vathsala anamuyang'ana cham'mbali. "Kankhani kaye, zotsekemerazo mukamaliza."

Anakankha. Ponnamma anatsokomola, kenaka n'kulira. Koma basi ya mnyamatayo inali itadutsa ali mkati mokankha, ndiye kumusiya akanamusiya bwanji? Mpando wakutsogolo unali wodzaza maluwa, choncho Vathsala anamulozera kumbuyo.

Mnyamatayo anakoka chitseko. Chinakana. Anakokanso, thukuta kamukamu.

"Chimenecho sachikoka ngati mbuzi," anatero Vathsala akuseka. "Kwezani chogwiriracho m'mwamba, gundani ndi bondo apa pansipa, kenaka kokani."

Chitseko chija gwa, chinatseguka.

"Ndine Kugan," anatero akukhala pansi. "Ndimagulitsa masipeya a galimoto m'tauni. Ndikuona ngati agogowa akundifuna."

Kunena zoona, Ponnamma ankamufunadi. Misewu ya masiku ano siimvera chisoni nkhalamba. Mabasi amathamanga ngati akuthawa moto, ndipo timanja ta Ponnamma totuluka m'mbali polozera kokhotera palibe dalaivala amene ankationa.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse Kugan ankatulukira pakhomo, kathumba m'manja. Lero wabweretsa nyale zophethira, mawa zipangizo za mabuleki, tsiku lina malamba a pamipando, tsiku lina chotchajira batire chatsopano. Ntchito yonse ankagwira ndi Vathsala, atagona kunsi kwa galimoto pansi pa mtengo wa mango. Kugan, munthu wa manja ofewa, yake inali yopatsira masipanala ndi kulankhula. Ndipo kulankhula ankakutha mnyamata ameneyu!

"Duwa langa, ukudziwa kuti oilo amakukhala kumaso?"

"Ndipatse sipanala iwe."

"Akazi ena amadzola mafuta onunkhira, wanga amanunkhira petulo. Ndipo sindingamusinthe ndi wina."

"Wandipatsa yolakwikanso!"

Ankamukalipira pakamwa pokha. Mumtima Vathsala anali atagwa kale, ndipo anagwa zenizeni. Chimwalirireni bambo ake, ndani anakhalapo naye pansi kumvetsera kulira kwa injini? Ndani anamufunsapo ngati wadya?

Foni nayo sinkapuma. "Wapamtima, wadzuka bwanji? Ponnamma wamwa madzi ake?" Vathsala ankawerenga akumwetulira yekha ngati wozerezeka.

Tsiku lina atamaliza zonse, anaima patsogolo pa chitseko chija, sipanala m'manja.

"Chatsala ndi ichi. Mahinjesi anagwa, ndikuchimasula lero."

Kugan anamugwira dzanja. "Ayi, chimenechi chisiye."

"Makasitomala amavutika nachotu."

"Umawatsegulira ndiwe, vuto lili pati? Chitseko chimenechi ndi chimene chinatidziwanitsa. Tamvera, Vathsala. Tsiku la ukwati wathu sudzakhala pachiwongolero. Udzavala nsalu yofiira ya sari, ndipo ine ndidzakutsegulira chitseko chomwechi ndi bondo langali. Ndikulumbira!"

Vathsala anaika sipanala pansi. Kodi mtsikana angakane bwanji mawu otere?

Amayi ake okha ndi amene sankatengeka. Ankamupatsa mlendoyo tiyi ndi timandasi ta vadai mwaulemu, koma akangochoka ankayamba.

"Mwanawe, masipeya tawaona. Nanga abale ake tiwaona liti? Kwawo unapondako?"

Vathsala atamufunsa, Kugan anausa moyo. "Mlongo wanga akwatiwe kaye, duwa langa. Ukudziwa kuti mwamuna satsogola mlongo wake ali pakhomo. Upirire pang'ono."

Zimenezo zinali zomveka. Aliyense ku Jaffna amadziwa zimenezo, ndipo Vathsala anapirira.

Nyengo ya maukwati itafika, Kugan anati abwana ake amutuma ku Colombo kukagula katundu. "Ndikakubweretsera sari ija," anatero. "Usandiiwale."

Ali konko, kunabwera bambo wina wonenepa, wansangala, dzina lake Sasikaran. Anazungulira Ponnamma akuwomba m'manja.

"Yomweyi! Achemwali, mlongo wanga akukwatiwa Loweruka, ndipo wokatenga mkwati ndine. Alamu athuwo ndi openga ndi galimoto zakale. Akayamba kukamba za mabuleki ndi mabatire, mpunga umazizira m'mbale! Ndikufuna ndikawadzidzimutse."

"Ndikudziwa wina wa matenda omwewo," anatero Vathsala akuseka.

Panalibe chachilendo. Galimoto yokatenga mkwati amapeza ndi akuchikazi, ndipo wopita nayo ndi mlongo wa mkwatibwi. Mkwati safunsidwa. Yake ndi kuvala n'kudikira.

Loweruka m'mawa Vathsala anamuveka Ponnamma nkhata za maluwa oyera, n'kuika mandimu kunsi kwa matayala pofuna mwayi, monga ankachitira bambo ake. Akuponda mandimuwo, foni inalira. "Colombo sakukoma popanda iwe, wapamtima." Anaipsompsona foniyo, n'kupita kukatenga Sasikaran, amene anakhala naye kutsogolo.

Ponnamma anayenda ngati namwali. Mabuleki ankagwira, nyale zikuphethira, ndipo mabasi ankamupatsa ulemu. Anafika ku Chavakachcheri, panyumba imene pachipata anamangapo mitengo ya nthochi. Ng'oma ndi zitoliro zinali mkati.

Vathsala anatsika n'kuima pafupi ndi boneti. Sasikaran analowa m'nyumba, ndipo patapita kanthawi anatuluka atagwira mkwati padzanja.

Mkwatiyo anali wamtali. Anavala nsalu yoyera ya mkombero wagolide, chilemba kumutu, nkhata ya maluwa m'khosi. Ankaseka ndi azakhali ake. Kenaka anaona galimoto yobiriwira, ndipo kuseka kuja kunathera panjira.

Anali Kugan.

Mayo ine! Colombo wake anali ameneyu? Vathsala anamva ngati nthaka yapendekeka. Sanakuwe, sanalire. Anangogwira boneti yotentha ija, osamva n'kutentha komwe.

"Mwaiona, alamu?" anatero Sasikaran mokondwa. "Ndinadziwa kuti musowa chonena!"

Anathamangira kuchitseko chakumbuyo kuti awatsegulire alamu ake. Chinakana. Anakoka ndi manja awiri, chinakanabe. Masiku onse Vathsala ndi amene ankatsegulira akwati, koma lero anangoima pa boneti paja.

"Fulumirani!" anakuwa azakhali aja. "Nthawi imene anasankha ansembe ikutha!"

Kugan sankamva za ansembe. Ankangofuna pobisala, poti maso a Vathsala asamupeze. Anamukankhira Sasikaran pambali, n'kukweza chogwirira, n'kugunda ndi bondo, n'kukoka.

Gwa!

Sasikaran anayang'ana chitseko, n'kuyang'ana mkwati.

"Alamu, chitsekochi mwachidziwira kuti?"

"Galimoto zakale zonse zimatero," anayankha Kugan.

"N'zoona zimenezo, achemwali?"

Vathsala akanatha kungogwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Maso a Kugan ankamupempha zomwezo. Koma anaganiza za mtsikana wina amene ankadikira kukachisi atavala sari yofiira, nayenso akukhulupirira pakamwa pomwepa.

"Ayi, achimwene," anatero motsitsa mawu, kuti amve atatu okhawo. "Ndi Ponnamma yekha. Ochidziwa chitsekochi tinalipo atatu: malemu bambo anga, ine, ndi munthu amene analumbira kuti adzanditsegulira tsiku la ukwati wathu. Lowani, nthawi ikutha."

Ananyamuka ulendo wa kukachisi. Pagalasi Vathsala ankaona amuna awiri atakhala motalikirana, wina akuyang'ana kunja, wina akuyang'ana mawondo ake. Anayendetsa bwinobwino, osathamanga, osagwera m'dzenje ngakhale limodzi. Ntchito ndi ntchito.

Atafika, Sasikaran anatsika yekha. Nsangala zija zinali zitamuthera.

"Mudikire momwemo, a Kugan. Ndikaonane kaye ndi mlongo wanga."

Atangochoka, Kugan anasendera kutsogolo.

"Duwa langa, ndimvere. Anandikakamiza akwathu! Mtima wanga uli ndi iwe, ndimafuna ndikuuze..."

"Uli ku Colombo?"

"Vathsala, chonde!"

"Tsikani, bambo. Chitseko mukuchidziwa."

Anatsika. Vathsala sanadikire kuti aone ngati ng'oma zipitirira kapena zileka. Zimenezo zinali za eni ake. Anatembenuza Ponnamma n'kubwerera kwawo, maluwa akuyoyoka mumsewu.

Amayi ake atamva, sananene kuti ndinkanena. Anangomuphikira tiyi n'kukhala naye pakhonde.

M'mawa mwake linali Lamlungu. Vathsala anatenga masipanala n'kupita pansi pa mtengo wa mango. Anamasula chitseko chija, n'kuwongola mahinjesi, n'kupaka girisi, n'kuchibwezera. Sipanala iliyonse ankadzitengera yekha, ndipo palibe imene inali yolakwika.

"Amayi, tabwerani mudzayese."

"Ine? Chimenechi chinandikana kuyambira ndili mtsikana."

"Tangoyesani."

Mayiwo anagwira chogwirira ndi zala ziwiri. Chitseko chinatseguka mwakachetechete, ngati cha galimoto ina iliyonse.

"Wachikonzatu bwino, mwanawe."

Vathsala anavomera ndi mutu. Kenaka anakhala pampando wakumbuyo uja, manja ali oilo yekhayekha, n'kuyamba kulira.