Chitenje cha Mawanga a Nkhanga

Fumbi la mu Seputembala pa depoti ya Mzimba Boma silisankha nkhope. Linily, telala wa pakhonde la sitolo ina kumsika, anali m'minibasi yopita ku Embangweni, mpango uli kumphuno, kudikira kuti idzaze. Pambali pake panakhala mnyamata wamtali wovala jekete ya kampani ya fodya, milomo yake itang'ambikang'ambika ndi mphepo.

"Monire, achemwali. Mukundiyang'ana milomo eti?" anafunsa mnyamatayo.

"Ndikuimvera chisoni. Kaguleni gilisalini, mufinyiremo ndimu pang'ono, muzidzola. Mbwenu yapola."

"Yewo chomene, adokotala. Nanga ikapanda kupola, ndikadandaule pa nambala iti?"

Linily anaseka, n'kumupatsa nambala. Kuseka kumeneko ndiye kunamugwetsa m'mbuna. Mnyamatayo anali Kingstone, mlangizi wa alimi a fodya ku Champhira, ndipo pakamwa pake panali potsekemera kuposa nzimbe.

Sabata isanathe, foni ya Linily inayamba kulira ngati ili ndi ntchito yakeyake.

"Adokotala anga, milomo yapola. Tsopano ndiuze, uchi weniweni umapezeka kuti?"

"Wa ku Perekezi, wakuda uja. Woyera wa m'mabotolo a m'sitolo ndi shuga chabe," anayankha Linily.

Mawa lake unabwera uthenga wina. "Wapamtima, mtsikana akakwiya, chimene chimamufewetsa mtima n'chiyani?"

"Usamachulutse zonena. Umugulire chimanga chootcha, ukhale naye chete mpaka amalize."

Linily ankayankha zonse mokondwa, mwendo uli pa makina, chala chili pa foni. Ndi mwamuna uti masiku ano amene amafunsa mkazi zimene amakonda? Ambiri amangofika ndi zawo. Uyu ankafunsa sopo, ankafunsa nyimbo, ankafunsa ngakhale mtundu wa nsapato. Mtsikana wa anthu ankaona ngati wapeza munthu womvetsera.

Lamlungu lina Kingstone anabwera pa njinga yake yamoto. "Lero undionetse malo amene umawakonda kuposa onse," anatero.

Linily anazengereza, chifukwa malowo anali asanapiteko ndi munthu aliyense. Koma chikondi sichimva kuti iwe. Anamutengera kumtsinje wa Mzimba, pa mwala waukulu wosalala. Mitengo ya mombo inali itangotulutsa mphukira, phiri lonse lili psuu, masamba ofiira osakanikirana ndi achikasu, mvula isanadonthe n'kamodzi komwe.

"Malemu amama ankapumira pano akamachokera kotola nkhuni," anatero Linily chapansipansi. "Adada anawafunsira pamwala pomwe pano. Akuti anawauza kuti, 'Mitengo iyi imavula masamba chaka chilichonse, koma pamene inamera sichokapo. Inenso ndidzatero.'"

Kingstone anamugwira dzanja. "Tabwerezanso, switi wanga, ndiwasunge bwino mawu amenewo."

Linily anabwereza, misozi ili lengelenge.

"Nkhukutemwa, Linily, ndimakukonda. Mvula ya chizimalupsa isanagwe, thenga wanga adzakhala atagogoda kwanu."

Pobwerera anaima pa sitolo ya nsalu. "Chikanakhala chikole chako, ukanasankha chitenje chiti?" anafunsa Kingstone.

Linily sanachedwe. Analoza chofiira ngati mphukira za mombo, chokhala ndi mawanga a nkhanga m'mphepete. Wogulitsa anati n'chomaliza. Kingstone anachigula, n'kuchiika m'chikwama chake.

"Udzachiona tsiku lake, mfumukazi yanga."

Chimwemwe chili ngati chifuwa, sichibisika. Linily anakauza ankhazi ake a Rute ku Embangweni, mlongo wa bambo ake, amene anamulera makolo atamwalira. Anawauza kuti thenga, munthu wotumidwa kudzafunsira mbeta, akubwera mvula isanagwe. A Rute analulutira pabwalo. Pofika Lamlungu, amayi onse a Umanyano kutchalitchi anali atamva kuti mwana wamasiye uja wapeza banja. Tambala wamkulu wa pakhomo analeka kumuwerengera pa nkhuku zodya, anakhala wa alendo.

Okutobala anafika ndi dzuwa loswa mtengo. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka m'makutu kuwawa. Masamba ofiira aja anasanduka obiriwira, koma thenga osaoneka. Linily akafunsa, yankho linali lomwelo.

"Nazale za fodya zandipanikiza, dali. Pirira pang'ono. Koma tandiuze, ndolo zabwino ndi zazitali kapena zazifupi?"

Ndipo iye ankayankhabe. Abale, munthu akakonda!

Tsiku lina masana, kumwamba kutayamba kuda chakum'mawa, pakhonde pake panafika mtsikana wooneka bwino, wa nkhope yofatsa, atanyamula jumbo.

"Monire, amama. Ndinu a Linily? Ine ndine Marjory, ndimaphunzitsa kusukulu ina ku Champhira. Aliyense amene ndamufunsa kuno ku Boma akuti telala ndinu."

"Yewo. Khalani pa benchipo. Tisoke chiyani?"

"Diresi la chinkhoswe."

Marjory anatsegula jumbo n'kuyala nsalu pa makina. Chitenje chofiira, mawanga a nkhanga m'mphepete.

Linily anachiyang'anitsitsa. Anadziuza kuti zitenje zimafanana, fakitale sipanga chimodzi. Anatenga tepi n'kuyamba kumuyeza m'chiuno.

"N'chokongola. Munagula kuti?"

"Ndi chikole. Anasankha yekha bwenzi langa, tangoganizani. Mwamuna kudziwa nsalu chonchi!" Marjory anaseka mwamanyazi. "Poyamba ndinkamukana, ndinkamuona ngati wakumudzi. Koma munthu uja amadziwa zinthu. Anandibweretsera uchi wakuda wa ku Perekezi. Milomo itandiuma, anandiphunzitsa gilisalini wa ndimu. Tsiku lina nditakwiya sananene kanthu, anangondigulira chimanga chootcha n'kukhala nane chete."

Tepi inagwa pansi. Linily anawerama kuti aitole, ndipo anachedwa dala kuweramuka.

"Anakufunsirani kuti?" anafunsa Linily.

"Kumtsinje, pa mwala wina wake. Kunali kokongola chomene, mitengo yonse ili psuu. Ndiye akuti, 'Mitengo iyi imavula masamba chaka chilichonse, koma pamene inamera...'"

"'...sichokapo,'" anamaliza Linily.

Marjory anatembenuka. "Mwawadziwa bwanji?"

Linily anangokulunga tepi yake. Za uchi akanamukhululukira Kingstone. Chitenje, mwinanso. Koma mawu a adada ake? Mwala wa amama ake? Munthu angabe mpaka za akufa n'kukakopera nazo mkazi wina? Zinamupweteka kwambiri moti ngakhale misozi inakana kutuluka.

"Zonse zakonzeka kale," anapitiriza Marjory mokayikakayika, akumuyang'anitsitsa. "Yatsala keke yokha. Kingstone wati afufuza lero."

Nthawi yomweyo foni inalira pa makina. Linily anaitsegula.

"Switi wanga, kafunso kena. Keke yokoma ku Boma amaphika ndani? Abwana anga akufuna."

Anawerenga kawiri. Kenako anatambasula dzanja n'kupereka foniyo kwa Marjory.

"Muyankheni ndinu, achemwali. Keke ndi yanu."

Marjory anawerenga. Anaona dzina, anaona nambala. Chala chake chinayamba kukwera m'mwamba, uthenga ndi uthenga: ndolo, nsapato, sopo, uchi. Chilichonse chimene chinamugwetsa m'chikondi chinali mmenemo, ndipo pansi pa funso lililonse panali yankho la telalayu. Anakhala pa simenti osasamala siketi yake.

Panalibe kukokana tsitsi, panalibe kutukwanizana. Amayi ogulitsa tomato patsidya sanadziwe n'komwe kuti pakhondepo pagwa maliro.

"Ndiye amene ndinamukonda ine ndani?" anafunsa Marjory, misozi ikutsika. "Zonse zimene ndinamukondera ndi zanu."

"Ine ndimayesa akufunsira ine."

"Mwala uja?"

"Amama anga ankapumirapo."

Marjory anabisa nkhope m'manja. Patapita nthawi anadzipukuta ndi nsonga ya mpango, n'kulankhula osayang'ana mnzake.

"Ng'ombe za malowolo zinalowa kale m'khola la adada. Ndiponso ine sindili ndekha." Anagwira pamimba. "Ndibwerera bwanji? Ndikawauza chiyani?"

Linily anayang'ana tepi imene inali m'manja mwake. Anadziwa kuti chiuno chimene wangoyezacho sichichedwa kusintha.

"Mundisokerabe?" anafunsa Marjory ndi mawu aang'ono.

Linily anasisita chitenje chija. Diresi lake anali atalisoka kalekale m'mutu: khosi lozungulira, manja ofika m'zigongono, mawanga a nkhanga akuzungulira m'munsi. Anachipinda bwinobwino, ngodya ndi ngodya, n'kuchibwezera m'jumbo.

"Pitani kwa a Bestone, kuseri kwa msika, pafupi ndi ogulitsa makala. Amasoka bwino. Muwauze asiye malo m'chiuno."

Marjory anatenga jumbo yake n'kupita, osatsanzika. Foni inaliranso. "Dali, wakhala chete bwanji? Keke ija?" Linily anafufuta nambalayo.

Mphepo inakuntha, mapepala a kumsika n'kuuluka. Madontho akuluakulu anayamba kumenya malata, fungo la dothi lonyowa n'kudzaza khonde lonse. Chizimalupsa chinali chitafika. Anthu ankathamanga akuseka, ena akutambasula manja kuti anyowe.

Foni inalira kachitatu. Anali ankhazi.

"Mwana wanga, kuno yagwa mvula! Kwanuko yafika? Ine nyumba ndazira kale, mphasa zatsopano ndagula. Amayi a Umanyano akungondifunsa. Alendo athu aja ndi Loweruka lino?"

Linily anatsamira makina ake. Apa ndiye misozi inabwera, yambiri, yotentha.

"Linily? Ukundimva?"

"Ndikukumvani, ankhazi," anatero. "Tambala uja ingophani mudye. Kulibe amene akubwera."