Dontho Limodzi la Mkaka

"Kodi m'chipindamo wabisamo mwamuna?"

Mawu a Lalla Zhor anabwera limodzi ndi chibakera pachitseko. Ikram anadzidzimuka, kachipangizo kokamira mkaka kanamupulumuka n'kugwera pamkeka. Anakakankhira kunsi kwa bedi ndi phazi, n'kuyamba kumanga mabatani.

"Ndikubwera, amayi. Ndimapemphera."

"Mapemphero ake ati ofuna kiyi? Mulungu amamva ngakhale chitseko chili chotsegula. Tsika, tiyi akuzizira."

Apongozi akewo atatsika masitepe, Ikram anawerama n'kusuzumira m'kabotolo ka chipangizo chija. Munali mouma ngati dzulo, ngati dzana.

M'nyumba imeneyi, ku Meknes, anali atakhalamo chiyambire nyengo yozizira. Pakhomo pake penipeni panali ku Liège, ku Belgium, kumene mwamuna wake Marouane ankayendetsa basi. Atatopa ndi zaka zofunafuna mphatso ya mwana kuchipatala ndi kulira kwa mwezi ndi mwezi, awiriwa anabwerera kwawo kudzapempha mwana kunyumba ya ana osiyidwa. Kumeneko anapeza Assia, kamtsikana ka maso aakulu kamene kanatoledwa pa siteshoni ya basi kali kakhanda. Tsiku loyamba lomwelo kanagwira Ikram khutu n'kugona. Tchuthi cha Marouane chitatha, iye anabwerera ku ntchito, Ikram n'kutsala kudikira mawu a woweruza ndi mapepala owolotsera mwana nyanja. Masana aliwonse ankapita kukamuona, ndipo pobwerera ankagula kanthu: tinsapato, kachisoti, kasupuni. Zonsezi ankazibisa pansi pa sutikesi.

Koma Marouane asananyamuke, amayi ake anamugwira dzanja n'kuliika pa Korani.

"Mwana wamkazi wopanda magazi ako ndi mlendo," anatero. "Akadzakula adzafunda mpango pamaso pako. Simudzatsala awiriwiri m'nyumba, sudzamupsompsona pachipumi. Lumbira kuti mlendo wamkazi sudzamulera pansi pa denga lako."

Marouane analumbira mosavuta, poti ankadalira mlongo wake Btissam, yemwe anali ndi khanda pabere. Mwa malamulo a chipembedzo chawo, mwana akameza mkaka wa mayi asanakwane zaka ziwiri, asanasiye kudalira mkaka, amasanduka mwana wa mayiyo, ndipo abale a mayiyo amakhala abale ake. Sanadziwe kuti Btissam anali ataopsezedwa kale ndi amayi awo. "Mkaka wa m'nyumba mwanga sumwedwa ndi mwana wa m'njira," Lalla Zhor anamuuza Ikram, ndege ya mwana wawo itangonyamuka.

Kunatsala njira imodzi. Dokotala wina wamkazi anamuuza Ikram kuti ngakhale amene sanaberekepo, thupi lake ukamalinyengerera limatha kutulutsa mkaka. Anamupatsa mapilitsi, namuuza kuti azimwa madzi a heliba, tinjere ta fungo lamphamvu tothandiza kubweretsa mkaka, ndi kumakama mosatopa. Ikram sanauze munthu, ngakhale Marouane. Mwamunayo anali atamuona kambirimbiri akuyembekeza kenako n'kugwa, ndipo Ikram sanafune kuonanso chisoni chija pankhope pake. Ankalota tsiku limene adzamuimbire foni Assia ali pachifuwa, osanena kanthu, kungomuonetsa basi. Koma masiku ankapita, kabotolo kali gwa, ndipo Khadouj, mayi wolera ana kunyumba kuja, anali atamuchenjeza kale: "Assia akudya buledi ndi supu tsopano. Posachedwa timulanda botolo."

Lachinayi Lalla Zhor anamutengera ku hamamu, kumene amayi a dera lonse amakasamba ndi kukhulana misana m'nthunzi. Mtengwa sakana. Anakhala pansi potentha, zidebe zitawazungulira, apongozi akumukhula mkono ngati akukwecha poto.

"Thukuta lako likununkha heliba yekhayekha," anadandaula. "Kodi umamudya ndi..."

Anasiyira pomwepo. Maso awo anali pachifuwa cha Ikram.

"Tatembenukira kuno."

Asanadzitchinge, dzanja lokalambalo linali litafika kale, n'kufinya pang'ono. Pansonga pa bere panatuluka kadontho koyera. Kanaima kanthawi, kenako kanatsetsereka n'kukasowa m'madzi a sopo. Ikram anakayang'ana kukamwa kuli yasa. Kadontho kamene anakalirira miyezi yonseyi kanasankha kubwera pano, pamaso pa munthu ameneyu.

Nthungululu ya Lalla Zhor inang'amba nthunzi yonse.

"Mtengwa wanga waima! Bwerani mudzaone, inu amene munkandinena kuseri!"

Amayi anathamangira, ena sopo ali m'maso.

"Eee, Marouane uja anasiya katundu asanakwere ndege!"

"Amaoneka wofatsa, kumachita kuyenda ngati imamu!"

Kuseka kunali ponseponse. Ikram anagwira apongozi ake mkono. "Amayi, sizili choncho, tandimverani..."

"Khala chete, usatchule kanthu, maso a anthu ndi oipa." Anamufunditsa thaulo, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Ikram anali asanawaonepo akulira. Choonadi anachisunga mumtima.

Atangofika kunyumba, Lalla Zhor anaimba foni ya kanema. Nkhope ya Marouane inaonekera, ali m'yunifolomu, mabasi ali kumbuyo kwake. Atamva, anakhala pansi pamsewu pomwepo, n'kuphimba nkhope ndi dzanja.

"Ikram, n'zoona? Ikram wanga, talankhula."

"Akuchita manyazi, musiye," anayankha amayi ake, foni ali nayo okha.

Marouane analira, anaseka, anathokoza Mulungu. Patapita nthawi ndi pamene anafunsa, mawu ali pansi: "Nanga Assia?"

"Mulungu wakupatsa wako. Wa eniakeyo apeza ena. Mawa ndikawauza kuti tasiya."

Ikram anadikira kuti mwamuna wake akane. Marouane anapukuta maso, anayang'ana kumbali. "Tikambirana," anatero, foni n'kuduka.

Masana amenewo chitseko cha kubwalo chinakiyidwa, kiyi n'kulowa m'thumba la diresi la Lalla Zhor. "Woyembekezera sapita kumene kuli chikuku ndi zifuwa," anagamula, akusosola nkhuku. Ikram anakwera kuchipinda. Nthawi yokaona ana inakwana, inapita. Ankamuona Assia m'maganizo ataima pa zitsulo za kabedi kake, akuyang'ana kukhomo. Anakama mpaka kumva kuwawa, koma sipanatuluke kanthu. Anachita mantha: mwina kadontho kanali kamodzi komwe kaja, ndipo kanapita ndi madzi a sopo.

M'mawa mwake anapeza apongozi ake atavala kale jelaba, mkanjo wawo wopitira kumaofesi. Ikram sanapereke moni. Anafika patebulo n'kuika kachipangizo kaja ndi mapilitsi pakati pa matambula a tiyi.

"Ichi n'chiyani?"

"Mimba ndilibe, amayi. Sindinakhalepo nayo. Mkaka munauona uja ndaufuna ndekha ndi zinthu izi. Ndi wa Assia."

Lalla Zhor anayang'ana kachipangizoko, anayang'ana mimba ya Ikram.

"Wandiimbitsa nthungululu pamaso pa dera lonse chifukwa cha mimba yopanda kanthu?"

"Sindinanene kuti ndili ndi pakati."

"Sunakanenso!" Anamenya tebulo, tambula inagwa n'kusweka. "Unamuona mwana wanga akulira pamsewu ngati wamisala, iwe uli duu! Mfiti iwe! Mkaka wa mapilitsi ndi mkaka umenewo?"

"Malamulo mumawadziwa kuposa ine, amayi. Mkaka ndi mkaka. Akangomeza, Assia ndi mwana wanga, ndi mwana wa Marouane, ndipo lumbiro lija silimukhudza." Ikram anagwada, magalasi osweka ali pafupi ndi mawondo ake. "Ndakupemphani. Ndinalephera kukupatsani mdzukulu wa m'mimba, ndikudziwa. Koma uyu amandidziwa fungo. Dzulo wandidikira, sindinapite. Nditsegulireni chitseko."

Lalla Zhor anatulutsa kiyi, anatsegula chitseko mpaka kuchigunditsa kukhoma.

"Tuluka. Koma ukapita kwa mwana wa m'njirayo, khomo ili uliiwale."

Ikram anadzuka, anatola mpango wake. Chitseko chinamenyedwa kumbuyo kwake mwamphamvu mpaka nkhunda za padenga zinauluka.

Ali mu takisi anamuimbira Marouane, koma sanayankhe. Anali pa chiwongolero. Anamusiyira mawu, akulira: "Ndilibe mimba. Ndili ndi mkaka, mwinanso ndilibe, sindikudziwa. Ndimafuna ndikudabwitse. Ngati ukufuna mkazi wobereka, amayi ako akupezera. Ine ndikupita kwa mwana wanga."

Assia atamuona anathamanga mwa dzandidzandi n'kudzamukumbatira miyendo. Khadouj anamva nkhani yonse maso ali tong'o, kenako anawalowetsa m'kachipinda kosinthira ana n'kukoka katani.

"Yesa, mwana wanga. Koma ndikuuziretu, mboni zimafunika ziwiri. Ndipo ife a pano, apongozi ako adzati unatinyengerera."

Ikram anamasula mabatani, anamuika Assia pachifuwa. Mwanayo anayang'ana bere, anaseka, analikankha ndi kadzanja. Anali mwana wa botolo, bere sankalidziwa. Ikram anayesanso. Assia anapotoza mutu, anadziwongola ngati thabwa, n'kuyamba kulira mokuwa.

"Chonde, Assia, kamodzi kokha. Chonde, mayi wanga."

Katani inakokedwa mwaukali. Lalla Zhor anaima pakhomo, akupuma mwawefuwefu, jelaba ili ndi fumbi kumunsi.

"Ndabwera kudzauza akuluakulu a pano kuti banja lathu lasiya," anatero. "Koma ndati ndiyambe ndaona bodzali ndi maso anga, kuti mwana wanga ndikamuuze zimene ndaona. Finya tione. Ngati mulibe, tithane nazo pompano."

Ikram anafinya. Panalibe. Anafinyanso, misozi ikugwera pamutu pa mwana. Panalibe.

"Si izo," anatero Lalla Zhor. Koma sanachoke. Assia ankalirabe, nkhope itafiira, ndipo mayi amene analera ana asanu ndi mmodzi sakanatha kungoonerera. "Ukumugwira ngati thumba la ufa! Mwana amatero? Mimba yake igunde yako. Kweza mutuwo. Ndipo sufinya kunsonga, wopusa iwe, yambira kumtunda."

Ikram anachita monga anauzidwa, osaganizanso. Kadontho koyera kanatuluka, kenako kena. Assia anali atayasamula kuti akuwenso, ndipo kadonthoko kanamugwera palilime. Kulira kunaduka. Ananyambita milomo, anakwinya nkhope ngati akuganiza nkhani yaikulu, kenako anafunafuna yekha n'kugwira bere.

M'kachipindamo munamveka kaphokoso kamodzi kokha, kakang'ono, ka pakhosi pa mwana akumeza.

"Ine ndaona," ananong'ona Khadouj. "Nanga inu, Lalla?"

Lalla Zhor anali akuyang'anabe mwanayo. Ikram anawayang'ana apongozi akewo. Akanatha kungoti sanaone kanthu. Mawu awo okha akanakwana, ndipo Marouane anali asanawatsutsepo amayi ake chibadwire.

Foni inalira m'chikwama cha Ikram. Lalla Zhor anaitulutsa okha, anayang'ana dzina, n'kuyankha.

"Ikram, ndamva mawu ako," Marouane anayamba mothamanga, osadziwa amene akumumva. "Ndikhululukire za dzulo, mutu unandizungulira. Mkaka ubwere, usabwere, Assia sitimusiya. Lumbiro ndiliphwanya, ndisala kudya kulipira, amayi akwiye akwiye..."

"Ndakumva," anatero amayi ake.

Marouane anawazindikira mawuwo.

"Amayi..."

"Khala chete. Usasale chilichonse, ndiwe wowonda kale." Anayang'ana kukhoma. "Ndakalamba chonchi ndisananamepo pamaso pa Mulungu. Sindiyamba lero chifukwa cha kamwana aka. Wameza. Ndaona, ndamvanso ndi makutu anga. Ndi mwana wako."

Anayatsa kanema, n'kutembenuza foni kuti Marouane aone yekha. Kunkangomveka kupuma kwake. Ikram anangomuonetsa basi, monga ankalotera. Assia, osasiya bere, anakweza kadzanja n'kusisita tsaya lonyowa la mayi ake.

Lalla Zhor anakhala pa benchi n'kuyamba kulira mosabisa. "Ine ndimangofuna ndidzaone mphuno ya malemu bambo ako pankhope ya mwana. Basi. Dzulo ndinaiona m'maganizo tsiku lonse."

"Ndikudziwa, amayi," anatero Ikram. "Nanenso ndinkaifuna."

Khadouj anatuluka mwakachetechete. Woweruza anali asanagamule, mapepala anali asanabwere, nyanja inali pomwe inali. Koma kwa nthawi yoyamba chichokere Marouane, Ikram anapuma mpweya wofika pansi.

Assia atakhuta kusewera ndi bere anasiya yekha, n'kutembenuka kuyang'ana mayi wachilendo wa maso ofiira uja. Lalla Zhor anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango, anatsokomola, kenako anatambasula manja mwaulemu wonse wa mwini nyumba.

"Tabwera kuno, ndikuone bwinobwino."

Assia anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anapukusa mutu mwamphamvu, n'kubisa nkhope m'khosi mwa Ikram.

Lalla Zhor anatsitsa manja, anayandikitsa foni kukamwa.

"Waona? Mwano wokhawokha. Watengera bambo ake."