Chidindo cha Anamwino

Kwawo ankangomuitana kuti Mzime, poti pa ana asanu iye ndiye anali womaliza. Bambo ake anali telala, makina awo ali pakhonde. Mayi ake ankasokerera mabatani ndi kusita zovala zimene bambowo amaliza. Pakhomopo panalibe chuma, koma panalinso popanda phokoso. M'mawa uliwonse makina asanayambe kulira, bambo ankawerenga mavesi awiri kapena atatu, onse n'kupemphera, kenako aliyense n'kugwira zake.

Kalata yoti Mzime wasankhidwa kupita kukoleji ya zauphunzitsi itafika, bambo anamusokera nsalu ziwiri zoyala pabedi ndi katani ya maluwa achikasu. Mayi ankalongedza sutikesi uku akumuyang'ana m'mbali.

"Iwe mutu uli nawo," anatero mayi, "koma tulo ndiye mdani wako. Pano ndimakudzutsa ndine. Kumeneko akakudzutsa ndani?"

"Kuli belu, Amayi."

"Belu likakuvundukula bulangete?"

Onse anaseka, ngakhale Mzime yemwe. Bambo anaimitsa makina n'kunena kuti, "Mwanawe, akakakupatsa chinthu cha eni kuti usunge, ukachisunge monga anakupatsira. Ine zanga ndi zomwezo."

Kolejiyo inali yaing'ono moti pakutha pa mwezi umodzi unkadziwa nkhope ya aliyense. Panali nyumba zogona ziwiri, holo yodyera, laibulale ya chipinda chimodzi, ndi kachipinda ka anamwino kumunsi, pafupi ndi thanki ya madzi. Mzime anapatsidwa chipinda cha nambala 7, chokhala ndi mabedi atatu, chingwe choyanikapo mataulo, ndi zenera limene linkatsekeka pokhapokha ulimenye ndi chigongono. Anapachikapo katani yake ija, chipinda chonse n'kuwala.

Anzake a m'chipindamo anali awiri. Wina anali wa chaka chachiwiri, wolongolola, wodziwa njira zonse zachidule za pakolejipo, ndipo onse ankamutcha Shasha. Winayo anali mnzake wa m'kalasi, wamanyazi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Ameneyo anamupatsa dzina loti Kachete.

Moyo unali wokoma. M'mawa ankaima pamzere wa madzi otentha ndi ndowa zawo akuseka maloto a wina ndi mnzake. Masana ankalukana tsitsi pansi pa mtengo wa kuseri kwa laibulale. Loweruka ankachapa limodzi, Lamlungu Mzime ndi Kachete n'kukaimba kwaya. Amatroni, mayi wamkulu thupi woyenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno, ankalalata ngati mvula ya mabingu, koma wophunzira akamasowa kwawo ankamuitanira kuofesi kwawo n'kumupatsa tiyi.

Pakolejipo wophunzira aliyense ankapatsidwa kantchito. Ena ankathandiza kulaibulale, ena kukhitchini. Mzime anamuika kwa anamwino Lachiwiri ndi Lachinayi masana, kuti azisesa ndi kusanja makadi a odwala. Anamwinowo anamukonda msanga.

"Mwana wanga, iwe uli ndi manja abwino," ankatero. "Ndikatuluka sindida nkhawa."

Lamulo la pakolejipo linali lakuti wojomba m'kalasi azionetsa kapepala ka anamwino kokhala ndi chidindo. Wojomba kangapo popanda kapepalako sankaloledwa kulemba mayeso. Ndipo m'mawa uliwonse, maphunziro atayamba, amatroni ankazungulira m'zipinda. Akapeza munthu ali gone wopanda kapepala, ankamutenga okha kupita naye kwa anamwino. Akapeza kapepala, ankangoti "Pepa, mwanawe," n'kutseka chitseko.

Nyengo yozizira itafika, phunziro loyamba la m'mawa linayamba kumuwawa Mzime. Tsiku lina belu linalira, iye n'kungotembenukira kukhoma. Anadzidzimuka dzuwa litakwera, ndipo anapulumuka kwa amatroni pobisala kubafa. Masana anakhala pabedi atagwira tsaya.

"Walira maliro a ndani?" anafunsa Shasha.

"Ndajomba, asisi. Andilemba."

"Iwe ndiye wogona zedi. Chidindo cha anamwino chimakhala pati?"

"M'kabati, pamwamba pa timapepala."

"Nanga makiyi a kabatiyo amagwira ndani anamwino akapita kukadya?"

Mzime anangoti kukamwa yasa. "Kumeneko n'kuba, asisi."

"Kuba chiyani? Chidindo uchisiya pomwepo. Inki yokha basi. Kodi mutu sunakuwaweko m'mawa muja?"

"Unawawako pang'ono."

"Ndiye bodza lili pati?"

Lachiwiri lotsatira, anamwino atatuluka, Mzime anatsegula kabati. Anadinda kapepala kamodzi, n'kulemba motsanzira kalembedwe kawo kopendekeka, kamene ankakaona tsiku ndi tsiku pamakadi. Mphunzitsi anangokayang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Pepa, uchire msanga." Mzime anadabwa kuti chinthucho chaphweka chotere.

Sabata yotsatira anadinda timapepala titatu, tiwiri take ndi kamodzi ka Shasha. Mwezi usanathe anang'amba mpukutu wonse wa timapepala, n'kudinda tonse nthawi imodzi, n'kutibisa m'kati mwa pilo. Shasha pakamwa pake sipankagona nkhani. Posakhalitsa atsikana a m'zipinda zina anayamba kugogoda pa nambala 7, wina atanyamula sopo, wina mabisiketi, wina n'kulonjeza kuti amuchapira zovala. Anayamba kumutcha Mzime "Adokotala," iye n'kumamva kukoma. Tsopano ankagona mpaka dzuwa kutentha, kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo makope ake anadzaza ndi masamba opanda kanthu.

Kachete yekha ndiye sanapemphepo kapepala. Tsiku lina akuchapa, analankhula osadzutsa mutu.

"Mzime, anamwino aja amakukhulupirira."

"Ndawalakwira chiyani? Palibe amene wavulala."

"Ine zikundiopsa. Usiye."

"Ndisiya mayeso akayandikira."

Nawonso anamwino anadandaula Lachinayi lina akusuzumira m'kabati. "Timapepalati tikutha ngati tamera miyendo. Kapena ndakalamba, ndikuiwala?" Mzime anawerama n'kumasesa pansi pa tebulo, pamene anali atasesapo kale. Mayi ake ataimba foni Lamlungu n'kufunsa ngati akudzuka bwino, anayankha mosangalala kuti, "Ndimadzuka belu lisanalire, Amayi."

Lolemba lina m'mawa Kachete analephera kudzuka. Thupi lake linali moto, mano akugundana, ndipo ankati mutu ukung'ambika. Tsiku lomwelo Mzime naye anali atakonzeka kugona, kapepala kake kali kale patebulo. Ataona mnzakeyo, anadziwa kuti amatroni akamupeza Kachete wopanda kapepala ndipo sakutha kuyenda, aitanitsa anamwino kuchipinda komweko. Anamwino akalowa, aona kapepala ka Mzime, kamene iwo sanalembe, kapena amatroni atchula za odwala a m'chipindamo amene sanafikepo kumunsi kuja.

"Ndiperekeze kwa anamwino," ananong'ona Kachete.

"Ndi kuzizira kumeneku? Ukaima pamzere mpaka liti?" anatero Shasha akudzola mafuta. "Ndi chimfine chabe ichi. Adokotala, mulembereni mnzanu masiku atatu. Ine ndili ndi mapiritsi a mutu."

Mzime anazengereza pang'ono, kenako anapisa dzanja m'pilo. Analemba masiku atatu opuma n'kuika kapepalako pamutu pa bedi la Kachete. Iye mwini anavala n'kupita m'kalasi, akudziuza kuti wamuchitira mnzake chifundo.

Amatroni atazungulira, anawerenga kapepalako n'kumufunditsa bwino Kachete. "Poti anamwino akuona kale, uzimwa mankhwala akupatsawo," anatero, n'kutseka chitseko. Lachiwiri anachitanso chimodzimodzi. Mzime ankamubweretsera chakudya kuchokera kuholo, koma mbale inkabwerera momwe yabwerera. Masana a Lachiwiri lomwelo anakasesa kwa anamwino. Kawiri konse anatsegula pakamwa kuti anene, kawiri konse anameza mawu.

Lachitatu pa nthawi ya chakudya cha masana, Mzime anatsegula chitseko n'kupeza Kachete ali pansi pa simenti. Maso anali otseguka koma sankamuzindikira, ndipo ankabwebweta zosamveka. Mbale inamugwa m'manja. Anathamanga wopanda nsapato mpaka kumunsi kwa thanki akukuwa, "Anamwino! Anamwino, bwerani!"

Galimoto ya koleji inamutengera Kachete kuchipatala chachikulu, anamwino atamugoneka pamiyendo pawo. Anamwino atabwerako chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, anapeza amatroni ndi atsikana ambiri akudikira pakhonde la nyumba yogona.

"Ndi malungo, ndipo afika m'mutu," anatero anamwino. "Adokotala akuti tikanachedwa tsiku limodzi, bwenzi tikunena zina. Koma amatroni, mwana kudwala masiku atatu osandiuza?"

"Osakuuzani bwanji? Si inu munamuona Lolemba?"

"Ine? Mwana ameneyu sanapondeko kwanga chiyambire temu ino."

Amatroni analowa m'chipinda n'kutuluka ndi kapepala kaja. Anamwino anakayang'ana nthawi yaitali. "Chidindo ndi changa," anatero motsitsa mawu. "Dzanjali si langa."

Mzime anayang'ana Shasha, koma Shasha anali akuyang'ana zikhadabo zake, kenako ananena mokweza kuti, "Ine zimenezi ndiye sindikuzidziwa." Atsikana amene ankabwera ndi sopo aja anayamba kuzemba mmodzimmodzi.

Palibe amene anali atamuloza chala. Koma Mzime ankangoona maso a Kachete aja, otseguka osamuzindikira. Analowa m'chipinda, n'kukhuthula pilo, n'kutuluka ndi timapepala tonse totsala. Anagwada pamaso pa anamwino.

"Ndine, mayi. Ndinalemba ndine. Anandipempha kuti ndimuperekeze kwa inu, ine n'kukana poopa kugwidwa."

Anamwino sanakalipe. Analandira timapepalato, misozi ili m'maso. "Ndinkakusiyira makiyi ngati mwana wobala ndekha," anatero. Mawu amenewo anamupweteka Mzime kuposa mbama.

Akuluakulu a koleji anakhala pansi Lachisanu. Ena ankafuna kuti achotsedwe basi. Koma anamwino omwewo anaimirira n'kunena kuti mwanayo anaulula yekha, ndiponso ndiye anathamanga kukaitana thandizo. Anagamula kuti akakhale kunyumba chaka chathunthu, ndipo akadzabwerera asadzakhalenso m'nyumba zogona za koleji. Shasha, amene aphunzitsi anapeza kuti anapereka timapepala tabodza tochuluka kuposa wina aliyense koma anakanabe mpaka pamapeto, anachotsedwa.

Bambo a Mzime anabwera kudzamutenga atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anamvetsera zonse mu ofesi chipewa chili m'manja, n'kupepesa kwa anamwino ndi kwa amatroni. Potuluka pageti sanakhotere kokwerera basi.

"Tikupita kuti, Bambo?"

"Kuchipatala. Ine wandichititsa manyazi chabe, zimenezo zitha. Amene unatsala pang'ono kumupha ali uko."

Anapeza Kachete atatsamira pilo, atawonda, mayi ake akumumwetsa madzi ndi supuni. Mzime anagwada pambali pa bedi n'kufotokoza zonse pamaso pa mayiwo, osabisa kanthu. Mayi a Kachete anatembenuka kuyang'ana kukhoma.

"Ndikanataya mwana chifukwa cha tulo tako," anatero. "Lero sindingathe kukuuza kuti zatha. Ndipatse nthawi."

Koma Kachete anatambasula dzanja lake lowonda n'kugwira chala cha Mzime. "Dzuka pansipo," ananong'ona. "Anthu akutiyang'ana."

Kachete anachira, ngakhale mayeso a chaka chimenecho anamudutsa ndipo anabwereza kalasi. Mzime anakhala chaka chonse pakhonde la bambo ake akusokerera mabatani, anzake akupita patsogolo. Kutchalitchi anthu ankafunsa kuti sukulu yatsekedwa liti, ndipo iye anaphunzira kuyankha zoona, ngakhale zinkawawa. Atabwerera kukoleji ankakhala kwa azakhali ake, mtunda wa ola lathunthu wapansi, ndipo sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Anakhala m'kalasi imodzi ndi Kachete, pabenchi imodzi, mpaka onse awiri anamaliza. Mayi a Kachete anadzamupatsa moni wa padzanja pa tsiku lolandira masatifiketi. Lero Mzime ndi Kachete onse ndi aphunzitsi, ndipo amayenderana.

Inu ophunzira amene muli kutali ndi makolo, mverani. Ulesi sukhala wokha. Umafuna bodza loti liwuphimbe, bodzalo limafuna kuba, ndipo pamapeto pake munthu amapezeka akusankha pakati pa mbiri yake ndi moyo wa mnzake. Mzime anachita mwayi chifukwa Mulungu anamusungira Kachete ndi moyo, iye n'kupeza mpata wolapa. Mwayi umenewo sulonjezedwa kwa aliyense. Ngati pali chimene mwabisa lero, kachiululeni lero lomwe, wina asanavulale nacho.