Malasha a pa Thanki

Pamene Baltazar ndi mkazi wake Rufina ankatsika kuchokera ku Lifidzi mu 1968, pamalopo panalibe mudzi. Panali njanji ya ku Moatize, thanki yomwetsa madzi sitima, imene kumeneko amati komboyo, ndi minga basi. Baltazar analembedwa ntchito yoyendera njanji n'kumamanga mabawuti. Nyumba yoyamba inali yawo. Rufina ankakazinga kachewere n'kumagulitsa m'mazenera a komboyo, ndipo ena ataona kuti zikuyenda anabwera kudzamanga. Malowo anangotchedwa pa Thanki. Awiriwa ankakondana mpaka kuchititsa anzawo kaduka.

Mitengo yapafupi itatha, nkhuni zinasowa. A m'komboyo anali ndi chizolowezi chawo: wowapatsa chakudya ankamukankhira malasha pansi. Damião, wosonkhezera moto, ankatero pakhomo pa Rufina. Koma kumapiri kwa a Baltazar, mwamuna satemera nkhuni mkazi wa mwini, ndipo pakamwa pa anthu sipanachedwe kumukumbutsa Baltazar.

"Mayi a Joana, moto uwu akukusonkherani ndani?" Baltazar anafunsa mkazi wake.

"Ndi malipiro a kachewere, bambo a Joana. Funsani aliyense."

"Aliyenseyo ndi amene akundiseka."

"Nanga ndiziphikira zala zangazi?"

Nsanje simva yankho. Pofuna mtendere, Rufina anapempha Damião kuti azimusiyira malashawo kuseri kwa thanki, poti mwamuna wake asamaone. Kumeneko ndiko Baltazar anawapeza masana ena, Damião akumusenzetsa Rufina dengu pamutu. Sanafunse. Sipanala inali kale m'manja. Damião anathawira m'komboyo, sipanalayo inatera pa Rufina, nagwa osalira n'komwe.

Baltazar anayang'ana kanthawi, kenaka anabwerera panjanji kukamaliza mabawuti a tsikulo. Apolisi anamupeza akumanga.

Kukhoti ku Tete anamugamula zaka makumi awiri. Anamva ngati akunena za munthu wina. Mumtima munalibe chisoni, munalibenso mkwiyo, munangoti zii. Umo ndi mmene nsanje imalipirira: imakulanda munthu, n'kukulandanso misozi yomulirira.

Patapita miyezi, mkaidi wina wochokera pa Thanki anagonekedwa pafupi naye.

"Anakamuika ku Lifidzi?" Baltazar anafunsa.

"Ndi kutentha kuja? Tinalambula kuseri kwa njanji. Tsopano tili ndi manda athu, achimwene. Akuti pa Thanki pasanduka mudzi weniweni."

Baltazar anagwedeza mutu, natembenukira kukhoma.