Mzere Wosiyira Zinziri

Mkazi wa malemu dalaivala ankaanula zovala madzulo pamene anamva makina ofiira okololera tirigu akulira kumunda wakumtunda. Anaima, thaulo lili m'manja. Mwamuna wake anawayendetsa makinawo zaka khumi ndi zinayi, ndipo panali patangotha miyezi itatu chimuikireni m'manda. Sanadwale n'komwe, anangogwa kapu ya madzi ili kukamwa.

Pafamupo makina anali awiri. Obiriwira, atsopano, ankadula lamba sabata ndi sabata, dizilo kumwa ngati alibe mawa, tirigu n'kumamwaza m'mbuyo. Ofiirawo, chiphakasa chimene aliyense ankachinyoza kuyambira kalekale, ndiwo anadzuka chaka chimenecho. Osatentha, osatsamwa, ngakhale tirigu atanyowa ndi mame. Amuna kushedi ankawayerekeza makinawo moseka, mpaka kuseka kunawathera.

Makaniko, mng'ono wa malemuyo, anabwera osakhala pansi.

"Alamu, thanki ya ofiira aja ndi youma. Ndagogoda ndekha."

"Nanga akuyendetsa ndani?"

"Abwana apaka utoto magalasi. Akuti tisayandikire."

Sabata isanathe, dalaivala wa makina obiriwira anagwanso chimodzimodzi. Atangomuika, nawo obiriwirawo anasiya kudula lamba. Akadutsa, m'munda munkatsala fungo la dothi lofukulidwa kumene. Anthu anayamba kunong'onezana za ndondocha, akufa ogwiritsidwa ntchito.

M'mawa mayi uja anapita kumunda wakumtunda. Tirigu yense anali atametedwa psiti, kupatula mzere umodzi m'mbali mwa ngalande, pamene zinziri zimaikira mazira. Mwamuna wake yekha ndiye ankasiya mzere umenewo, chaka ndi chaka, abwana akalipe asakalipe. Anakhala pansi pomwepo n'kulira mpaka mawu kusasa.

Masana, abwana atachokapo, anakwera m'makina ofiira aja. Mpando unali wofunda koma wopanda munthu. Pansi pake anapeza kachithumwa kosokedwa ndi kolala ya shati imene anamuika nayo mwamuna wake, batani lake lomwe lija anasokerera yekha ndi ulusi wabuluu.

"Bambo, mwatopa. Kapumeni," anatero.

Anakatentha kuseri kwa shedi. Makina ofiirawo sanalirenso. Abwana atamva, anapakira katundu n'kusowa, osatsanzika ndi galu yemwe.

Koma obiriwira aja anatulukabe m'mawa, okha, n'kumeta mzere wa zinziri uja. Mayiyo anatola zikamba za mazira, mtima ukumupweteka kuposa tsiku la maliro. Kenako anapita kwa wamasiye mnzake, mkazi wa dalaivala wachiwiriyo, amene anamupeza ataima pakhomo, khutu kumunda.

"Achemwali, mukayang'ane pansi pa mpando. Mukapeza, mukatenthe."

Mnzakeyo sanacheuke.

"Ndamva. Koma tamverani mmene akukhotera apo. Ndi iwowo, nthawi zonse amachedwa kusintha giya." Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Mawa, achemwali. Ndisiyeni ndiwamve lero lokha."