Wosewera Wa Makumi Awiri Ndi Asanu

Madzulo amenewo Maame Pokuaa ankaanula majezi a timu okha, chifukwa wochapa anali atasiya ntchito. Timu ya mpira ya tawuni yathu ya Nsuobi anawasiyira amuna awo, malemu Opanin Gyasi, ndipo osewera anali atatha miyezi isanu ndi iwiri osalandira. Chikhalirecho anyamatawo ankawatungirabe madzi, wina nkuwasiyira chinangwa pakhomo osanena kanthu. Zimenezi ndi zimene zinkawapweteka kwambiri. Ankafuna agulitse timuyo, ana a eni alipidwe.

Wogula woyamba anamwalira m'galimoto yake atangotuluka pabwalo. Wachiwiri miyendo inatupa, mpaka lero sayenda. Kumsika kunayamba manong'onong'o. Dzuwa likamalowa, pabwalo pankamveka wenzulo popanda woimba, ndipo m'chipinda chovalira munkanunkha dothi lonyowa ngakhale kunali chilimwe.

Wachitatu anali wochenjera. Sanabwere iye mwini, anatuma Bambo Quaye a ku Accra kuti adzaone mtengo wa timu. Anayendera basi yakutha ya timu, bwalo, mipira, kenako anaima ndi cholembera kuwerenga osewera ali pamasewera okonzekera.

"Maame, pepala likuti makumi awiri ndi anayi. Ine ndikuona makumi awiri ndi asanu."

"Werenganinso, bambo. Mwina ndi dzuwa."

"Ndawerenga katatu. Uyo wamimba ali pagolo ndani?"

Kochi Amoako anatembenuka. "Pagolo? Goloboyi wathu ndi uyu akumwa madziyu."

Bambo Quaye anatseka chikwama. Anakana ngakhale fufu, nsima ya chinangwa, amene Maame anawasinjira, koma anapepesa mwaulemu, munthu wabwino ndithu. Ali pakhomo la galimoto anati, "Popanda chikalata cha umwini, chija cha chidindo cha ligi, timuyi ilibe mtengo. Ndipo amene ali nachoyo zikuoneka kuti sakugulitsa."

Maame anafufuza chikalatacho m'nyumba monse masiku atatu, osachipeza. Anthu anayamba kuloza wochapa uja kuti ndiye anaba, mpaka ena anamuswera mawindo. Maame anamutenga nkumugoneka kwawo, akumupukuta magazi pachipumi. Ndipo ndi iyeyo amene anaulula.

"Maame, simukumbukira tsiku la maliro a amuna anu? Bokosi tinapanga looneka ngati mpira. Ochemerera anati tcheyamani sangapite chimanjamanja. Anamuveka jezi, nkumuika wenzulo m'khosi."

"Ndi chiyaninso?"

"Ndi envulopu ija yofiirira. Anati akaonetse makolo kuti anali ndani."

Maame anazindikira kuti chikalata chija chinali m'envulopumo. Kenako anavala nsalu yawo yakuda, ulendo wa kubwalo. Dzuwa linali litafiira. Osewera anali atapita, koma ukonde wa golo unkagwedezeka, mphepo kulibe. Fungo lija linawalandira pageti.

"Gyasi!" anaitana. "Zaka makumi atatu ndinakuphikira, iwe uli kubwalo kuno. Wafa, ukadali konkuno. Ukuumirira timuyi, chabwino, alipire anawa! Mkazi wa Amoako ali ndi pakati. Adya wenzulo wakoyo?"

Wenzulo analira kamodzi, pafupi ndi khutu lawo, motalika ngati wothetsa masewero.

Maame sanathawe. Anatembenukira Kochi Amoako, amene anawatsatira chapatali.

"Pita ukabwereke makasu awiri."

"Maame, kumanda? Abale awo atipha!"

"Ndiye ubweretse limodzi," anatero, akumanga nsalu m'chiuno. "Ndikumba ndekha."