Kamzere Kobiriwira

Kafunsa anali atagwira ntchito yoposa msinkhu wake. Loweruka achimwene ake amakaoneka pa TV pa mpikisano wa mafunso a sukulu, koma abambo, omwe ankayendetsa galimoto yaikulu ya katundu, anali paulendo kutali. Pochoka anangomusiyira Kafunsa mawu amodzi: "Undijambulire mwana wanga, ndidzamumve ndi makutu angawa."

Dzina loti Kafunsa silinabwere mwangozi. Mtsikanayu sankatha kuona batani osalidina kuti aone chomwe chichitike. Choncho amalume atabweretsa kompyuta yawo yakale n'kuilumikiza ku waya wa eriyo pabalaza, aliyense anadziwa kuti ntchitoyi yagwera ndani. Anamusiyira mapulogalamu awiri ojambulira TV kuti asankhe yekha.

Yoyamba inali yotuwa ngati bulangeti lakale. Inali ndi mabatani ochepa, ndi kamzere kobiriwira m'mbali komwe kankangodumphadumpha. Kafunsa anadabwa kuti kakudumphiranji, koma sanachedwe nako, chifukwa yachiwiri inali itamulanda kale mtima. Imeneyo inkanyezimira, zithunzi zake zikuyendayenda, ndipo batani lililonse linkatsegula mabatani ena. Anadina paliponse mpaka kuiwala kudya, kupatula tsamba limodzi lodzaza ndi malemba ang'onoang'ono, lomwe analidumpha poti linalibe chithunzi.

Kuyesa anayesadi, tisamunamizire. Vuto linali khanda la m'nyumbamo, lomwe linkakonda kugona pampando wapabalaza. Amayi anali atamuchenjeza kuti akangolidzutsa alibereka yekha tsiku lonse. Ndiye nthawi zonse poyesa, Kafunsa ankatsitsiratu masipika. Zithunzi zinkatuluka zowala bwino, iye n'kumadziombera m'manja chamumtima.

Loweruka anaonera mpikisano pa TV akukuwa ndi chimwemwe, kompyuta ikujambula phee pakona.

Abambo atabwera, sanadikire n'komwe kuvula nsapato. Banja lonse linaunjikana, Kafunsa n'kudina batani monyadira. Achimwene anaonekadi, tayi ili pakhosi, milomo ikuyenda, koma mawu kunalibe. Anakweza masipika mpaka pamapeto, osamveka kanthu. Amalume atawaimbira foni, anafotokoza kuti pulogalamuyo imafuna kuuzidwa kotenga mawu, ndipo pouzira pake panali patsamba la malemba ang'onoang'ono lija.

Kafunsa analakalaka pansi patang'ambika. Achimwene, pomumvera chisoni, anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi kompyuta. Anayamba kuyankhula motsatira milomo yawo yomwe, funso ndi yankho, mpaka kutsanzira mawu a wofunsa mafunso. Atafika pafunso lomwe anaphonya, anayankha molondola nkhope ili gwa.

"Bodza limenelo," anatero amayi. "Si uyo ukukanda mutu apoyo?"

Nyumba yonse inafa nacho chiseko, abambo mpaka kupukuta misozi. Koma chiseko chitatha, abambo anayang'anabe mwana wawo wosalankhula uja pakompyuta.

"Amayi ako akuti mawu ako amanjenjemera poyamba, kenako analimba," anauza mnyamata wawoyo chapansipansi. "Pamenepo ndi pomwe ndimafuna kumva."

Sanamukalipire Kafunsa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamupweteka kwambiri.

M'mawa mwake amayi anamupeza pabalaza atabereka khanda, lili maso gwa, masipika akulira. Anali atabwezeretsa pulogalamu yotuwa ija, ndipo ankajambula nkhani zam'mawa, kumvetsera, n'kujambulanso. Maso ake anali pa kamzere kobiriwira. Wowerenga nkhani akayankhula, kankadumpha. Akapuma, nako kankagona.

"Amayi, bwerani mudzaone," anatero osacheuka. "Kani nthawi yonse ija kamandiuza kuti mawu akulowa."

Amayi anamufunsa ngati khandalo silikumulemera. Kafunsa anangolikweza bwino kumsana, n'kutsegula tsamba la malemba ang'onoang'ono, nayamba kuwerenga kuchokera pamzere woyamba.